Analemba za Mbewa, Nyimbo N'kuziiwala

Awerengi amene munakwerapo basi kuchokera ku Mangochi kupita ku Lilongwe, kudzera ku Liwonde ndi ku Balaka, mukudziwa zimene zimachitika galimoto ikalowa mumsewu waukulu pa Chingeni m'miyezi ya chilimwe. Anthu akakolola ndipo tchire likapsa, m'mbali mwa msewu mumaima anyamata atakweza m'mwamba mipani ya mbewa, ndipo basi ikangochepetsa liwiro amaithamangira ngati kuti muli mbale wawo. Ife a kunyanja timangoyang'ana kumbali poti ndiwo imeneyi si yathu, ndipo ngakhale mtengo wake sitinaufunsepo. Komabe m'boma la Ntcheu ndi m'maboma oyandikana nalo alipo ana ambiri amene sopo ndi makope a kusukulu amagulira ndalama za pamsewupo.

Mukatsika pa tsiku la msika, kaya pa Kampepuza, pa boma pa Ntcheu, kapena pa Lizulu pamene kabichi ndi mbatata ya kachewere zimaunjikidwa tsidya lino ndi tsidya la Mozambique, mudzapezanso anyamata ena atakhala atatu kapena anayi pansi pa mtengo. Wina wagwira banjo ya chitini cha mafuta, nsambo zake ndi mawaya a mabuleki a njinga. Wina wakhalira babatoni, chibokosi chokuta ndi chikopa cha ng'ombe chokhala ndi nsambo imodzi yokha imene imalira ngati bingu la kutali. Wina akuponda ng'oma ndi phazi uku akugwedeza zitsekerero za mabotolo zotunga pawaya. Patsogolo pawo pali mbale yoponyamo ndalama. Nthawi zina anyamata a banjowa ndi omwe aja a mipani: m'mawa akumba, masana agulitsa, madzulo ayimba.

Nkhani yathu ndi ya zimene zimachitika munthu wa cholembera akafika pa gulu lotere. Kodi amalemba chiyani, nanga zimene walembazo zimawachitira chiyani eni nyimbo? Funsoli likukhudzanso makolo a ku Makanjira, ku Namwera, ku Chipoka ndi ku Nkhotakota, chifukwa m'nyumba zambiri muli mwana amene wayamba kagulu koyimba ndi anzake, ndipo akulota tsiku limene dzina lake lidzatuluke m'nyuzipepala.

Mlendo anaima pamsewu

M'chaka cha 2011 mkulu wina wojambula nyimbo wa ku America, Ian Brennan, ankayenda ndi mkazi wake Marilena Delli mumsewu womwewu wa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, kufunafuna oyimba amene sanalowepo mu situdiyo. Anakumana ndi anyamata ogulitsa mbewa amene analinso ndi gitala yopanga okha, ndipo mapeto ake anajambula nyimbo zawo pamudzi pawo pomwepo, panja, ndi makina onyamula m'manja. Chimbalecho chinatuluka ku Britain m'chaka cha 2012 ndi dzina loti He Is #1, ndipo gululo linatchuka ndi dzina la Chingerezi la Malawi Mouse Boys, kutanthauza anyamata a mbewa a ku Malawi. M'chaka cha 2013 anayi mwa iwo anakwera ndege kukayimba ku England pa chikondwerero chachikulu cha WOMAD. Zimbale zina zinatsatira: Dirt Is Good mu 2014 ndi Forever Is 4 You mu 2016.

Tisafulumire kumuweruza mlendoyu. Mumsewu umenewu mumadutsa magalimoto osawerengeka tsiku ndi tsiku, ena a atolankhani, ena a eni masitudiyo a m'mizinda yathu, koma amene anaponda buleki n'kutchera khutu anali wochokera kutali. Akale anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo pamenepa mwambiwu unapherezera. Brennan si munthu wamba pa ntchitoyi. Ndiye anajambula chimbale cha Tassili cha gulu la Tinariwen la ku Mali, chimene chinapata mphoto ya Grammy m'chaka cha 2012. Khutu ali nalo.

Koma tawerengani zimene magazini ndi nyuzipepala za kunjako zinalemba chimbale cha anyamatawa chitatuluka. Nkhani zambiri zinayamba ndi mbewa: mmene amazikumbira, mmene amaziphikira ndi mchere n'kuziyanika, mmene amazipanira. Zithunzi zinali za mipani. Kenaka pankabwera ndime ya umphawi, ya nyumba zaudzu ndi kusowa kwa magetsi. Nyimbo zinkafika mochedwa, ndipo mawu ozifotokozera anali omwe aja akuti n'zochokera pansi pa mtima, n'zosakometsera, n'zogwira moyo. Wowerenga ankatseka magazini akudziwa bwino chakudya cha m'mbali mwa msewu wa ku Malawi, koma osadziwa kuti wotsogolera nyimbo ndani, wothira mang'ombe ndani, nanga kavomeredwe kawo kanachokera kuti. Chonsecho Mmalawi aliyense akangomva ndime imodzi amazindikira msanga kuti awa anakulira m'makwaya a matchalitchi a kumudzi, ndipo kuti luso lawo lalikulu lagona pa kulukana kwa mawu, osati pa gitala.

Ndemanga imaphikidwa bwanji

Kuti timvetse chifukwa chake zimatero, tiyenera kulowa m'khitchini ya magazini yotere. Kampani ikafuna kutulutsa chimbale imatumiza nyimbozo kwa akonzi kukadali miyezi, pamodzi ndi chikalata chofotokoza mbiri ya gululo. Chikalatachi chimalembedwa ndi wogulitsa, choncho amasankha mfundo zimene zingakole maso. Mkonzi amalandira zimbale zambiri kuposa malo amene ali nawo, ndipo chimene chimapatsidwa danga ndi chomwe chili ndi nkhani yosavuta kukumbukira. Wolemba ndemanga amapatsidwa mizere yowerengeka, n'kupereka nyenyezi, kawirikawiri kuyambira imodzi kulekeza zisanu. Chichewa sachimva. Mawu a m'nyimbo, amene kwa ife ndiwo mutu wa zonse, kwa iye ndi kulira chabe ngati kwa chida. Tsono amatsamira pa chikalata chija, ndipo mnzake wa magazini ina amatsamiranso pomwepo. Cholakwika chikalowa m'chikalatamo chimabala ana.

Chitsanzo chilipo. Zina mwa nkhani za anyamata aja zinafika ponena kuti chimbale chawo n'choyamba cha m'Chichewa kutuluka kunja kwa Malawi. Munthu wodziwa mbiri angangopukusa mutu. Hugh Tracey anajambula nyimbo za dziko lino m'zaka za m'ma 1950, dzikoli likadali Nyasaland, ndipo zinatuluka pa mbale ku South Africa. Gerhard Kubik wa ku Austria anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba a kwa Singano ku Chileka m'chaka cha 1967, ndipo pofika 1974 anali atalemba buku lathunthu la gulu lawo. Nyimbo za Alan Namoko, katswiri wosaona wa banjo wa ku Thyolo, zinatuluka ku Britain m'chaka cha 1992 pa chimbale cha Ana Osiidwa, kudzera ku kampani ya Pamtondo ya Dr John Lwanda. Mawu akuti "choyamba" amagulitsa, koma amafufuta anthu amene anatsogola, ndipo amapereka chithunzi chakuti kuno kunali chete mpaka tsiku limene galimoto ya mlendo inaima.

Ndemanga zimenezi si zongosangalatsa maso. Okonza zikondwerero za ku Ulaya amaziwerenga posankha magulu oti awaitane. Nyenyezi zija zimasindikizidwa pa zikalata zoitanira anthu. Motero mizere yochepa yolembedwa ku London ingathe kukweza mnyamata wa m'mbali mwa msewu wa M1 mu ndege. Ichi n'chifukwa chake woyimba wongoyamba kumene satsutsa chilichonse chimene chalembedwa, ngakhale chikhale chomuchepetsa.

Patangopita zaka zochepa zinachitikanso. Mu 2013 Brennan yemweyo anajambula nyimbo za akaidi a ku ndende ya Zomba. Chimbale cha I Have No Everything Here chinatuluka mu 2015, ndipo chinasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto ya Grammy, koyamba m'mbiri ya dziko lino. Mphotoyo inapita kwa Angélique Kidjo wa ku Benin mu February 2016. Apanso mitu ya nkhani inali ya milandu ndi makoma a ndende. Ndi angati a ife amene tingatchule dzina la woyimba mmodzi wa m'chimbale chimenechi?

Mukaziika pamodzi mukuona njira yake: ogulitsa mbewa, akaidi, osaona, oyimba m'misewu. Zikuoneka ngati gulu la kuno, kuti lipeze tsamba kunjako, liyenera kubwera litanyamula tsoka lake pamutu. Ine sindikayika kuti anyamata a ku Makanjira atapezedwa lero angajambulidwe ataima m'bwato, ndipo dzina la gulu lawo lingakhale la usipa, ngakhale pakati pawo pasakhale ndi mmodzi yemwe wodziwa kupalasa.

Ngakhale thumba limene nyimbo zathu zimaponyedwamo linasokedwa ndi amalonda. M'chaka cha 1987 eni makampani a nyimbo anakumana ku London n'kugwirizana za dzina lakuti world music, kuti masitolo adziwe shelefu yoikapo zimbale zochokera kunja kwa Ulaya ndi America. Pashelefu imeneyo banjo ya ku Ntcheu imagona limodzi ndi zitoliro za ku Peru ndi ng'oma za ku Japan. Okonza mphoto za Grammy anasintha dzinali m'chaka cha 2020, koma shelefuyo ikadali imodzi.

Ana awo amawatenga bwanji

Nanga magazini a ku England amawatenga bwanji magulu atsopano a kwawo komweko? Kumeneko matenda ndi ena. Nyuzipepala za nyimbo monga Melody Maker ndi NME zinkatuluka sabata iliyonse, ndipo kuti zigulidwe zinkafuna nkhope yatsopano nthawi zonse. Mu April 1992 Melody Maker inaika gulu la Suede pachikuto n'kulilengeza kuti ndilo lopambana magulu onse atsopano m'dzikomo, pamene gululo linali lisanatulutse ndi nyimbo imodzi yomwe. Suede inapirira, koma magulu ena ambiri amene anakwezedwa motero anagwetsedwa ndi nyuzipepala zomwezo chaka chisanathe. Khalidwe lokweza lero n'kugwetsa mawa linkadziwika kwa aliyense wowerenga. Paja ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene gulu la ku England linkalandira chomwe anyamata athu sanalandire. Linkatsutsidwa ngati oyimba. Olemba ankakangana ngati Suede ikungotsanzira David Bowie ndi The Smiths kapena ili ndi zakezake. Ankatchula nyimbo yofooka ndi dzina lake. Mawu otero amawawa, koma ndi ulemu, chifukwa munthu sutsutsana ndi amene ukumuyesa mwana. Gulu la kumudzi kwathu silitsutsidwa, limamveredwa chisoni. Wolemba amaopa kunena kuti nyimbo yachisanu ikufanana ndi yachiwiri, poganiza kuti n'kulakwa kudzudzula munthu wosauka. Chisoni chotere chimapereka nyenyezi zinayi, koma woyimbayo sichimuphunzitsa kanthu.

Nanga ife eni ake?

N'kosavuta kuloza chala kutsidya, koma zala zitatu zikutiloza tokha. Kuno kwathu ntchito younika nyimbo siinakhale ndi nyumba yakeyake yokhalitsa. Kuyambira 1964 mpaka m'zaka za m'ma 1990 wailesi inali imodzi, ya MBC, ndipo gulu latsopano linkadziwika pokhapokha nyimbo yake ikaulutsidwa pamenepo. Tiyamike kuti mapologalamu monga Nyimbo za M'maboma anafikitsa mawu a kumidzi m'makutu a dziko lonse. Koma lamulo lounika zosangalatsa la 1968 linachititsa kuti funso loyamba pa nyimbo iliyonse likhale lakuti kodi siikhumudwitsa boma, osati lakuti kodi yayimbidwa bwino. Mbadwo wonse wa atolankhani unakula ukudziwa kuti kuyamikira n'kopanda ngozi.

Riferendamu ya pa 14 June 1993 itachitika nyuzipepala zinachuluka, ndipo The Nation inayamba kutuluka chaka chomwecho. Inalinso nyengo ya makaseti. Ku Balaka, kumene Alleluya Band inayambira m'chaka cha 1978, Paul Banda anali ndi situdiyo, ndipo mng'ono wake Lucius Banda atatulutsa Son of a Poor Man dziko lonse linatembenukira kumeneko. Mnyamata wa ku Bawi kapena ku Nsipe sanafunikenso kulota za Blantyre, poti situdiyo inali pamtunda wopalasa njinga. Makaseti ankafalitsidwa ndi amalonda monga O.G. Issa wa ku Limbe, ndipo kutchuka kwa woyimba kunkayezedwa ndi kuchuluka kwa makaseti ogulidwa. Sipanatenge nthawi kuti magulu atsopano ambiri ayambe kulira mofanana, rege ya pa kiyibodi yotsanzira Balaka. Pamenepa ndi pamene pankafunika wolemba wolimba mtima woti anene kuti ana inu, nyimbo zanu zili ndi mwini wake kale. M'malo mwake banjo ndi babatoni ndizo zinatchedwa zachimidzi n'kukankhidwira kumsika.

Mpaka lero nkhani ya gulu latsopano pa tsamba la zamsangulutso ili ndi mapangidwe amodzi, ndipo awerengi mungathe kuilemba nokha. Gulu lakuti latulutsa chimbale. Lidzachikhazikitsa pa tsiku lakuti ku holo yakuti. Mtsogoleri wake wati anthu ayembekezere zakupsa. Wadandaula za kusowa kwa zipangizo ndipo wapempha akufuna kwabwino kuti awathandize. Nkhani yathera pomwepo. Chimenechi ndi chilengezo, si ndemanga, ndipo nthawi zambiri palibe chosonyeza kuti wolembayo anamvera chimbalecho mpaka kumapeto.

Atolankhani nawonso ali ndi mavuto awo, tisawanamizire ulesi. Maofesi a nyuzipepala ali m'mizinda, ndipo mkonzi sangatulutse ndalama ya basi kuti munthu apite ku Tsangano kukamvera anyamata opanda dzina. Apa ndi pamene pamalowera chizolowezi chimene eni ntchitoyi amachitcha chipondamthengo, kandalama kamene wofuna kulembedwa amapereka ati n'kothandizira mayendedwe. Gulu la m'tauni lokhala ndi wolithandiza lingathe kupereka. Gulu la pansi pa mtengo pa Kampepuza silingathe. Ndipo amene walandira chipondamthengo sangabwerere kukalemba kuti woyimba wamkulu amaphonya mawu.

Chotsatira chake n'chakuti timadikira kuti akunja atiuze kuti mwana wathu ndi wokongola. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band anayimba m'misewu ya Lilongwe kwa zaka zambiri, wina pa babatoni, wina pa gitala ndi ng'oma yoponda. Mmalawi mnzathu, Emmanuel Kamwenje, ndiye anawamva n'kuwajambula mu 2009, koma ambiri a ife tinkangowadutsa. Atakayimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, ndipo kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva itatulutsa Wasalala mu 2019 ndi Musakayike mu 2022, ndi pamene tinayamba kuwatchula kuti onyamula mbendera. Nyimbo zake zinali za mtundu womwe uja tinkaulambalala pakhomo pa sitolo. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, wobadwa mu 1930, anadikira mpaka zaka 90 kuti achinyamata amuzindikirenso, Patience Namadingo atayimba naye mu 2020 ndipo nyimbo ya Linny Hoo itafalikira pa TikTok.

Zimene khutu lodekha lingamve ku Ntcheu

Wolemba amene angakhale pansi pa mtengo uja kwa ola lathunthu, osathamangira chithunzi, angapeze zolemba zambiri. Ntcheu ndi dziko la Angoni a kwa Maseko, a Inkosi ya Makosi Gomani, amene chaka chilichonse amasonkhana ku Nkolimbo pa mwambo wa Umhlangano. Mphamvu ya gule wa ngoma ili m'mapazi, m'zishango ndi m'mawu a amuna ovomerezana mozama. Mwana amene wakula akuona fumbi likubuka pa kuponda kumeneko amawerenga nthawi ya nyimbo ndi chidendene, ndipo akadzagwira babatoni kupondako kumamveka m'nsambo. Izi n'zosiyana ndi mwana wa ku Mangochi amene wakulira pa beni ndi manganje. Awiriwa mutawapatsa nyimbo imodzi sangaiyende mofanana, ndipo kusiyana kumeneko ndiko nkhani.

Ndiponso bomali lili pamalire. Msewu wa pa Lizulu ndi pa Biriwiri ukugawa Malawi ndi Mozambique, ndipo anthu, malonda ndi nyimbo zimaoloka osafunsa. Magitala othamanga a sungura a ku Zimbabwe analowa m'midzi yathu ndi makaseti. Kale kwambiri, anthu obwerera ku Joni ndi ku Salisbury anabwera ndi kwela, ndipo Daniel Kachamba anaphunzira gitala ku Salisbury komweko. Choncho pamene mlendo akulemba kuti nyimbo za anyamata a kumudzi sizinakhudzidwe ndi za kunja, akulakwitsa. M'chitini cha mafuta chija muli Harare, muli Johannesburg, muli Balaka, muli kwaya ya Lamulungu, muli ndi ngoma ya agogo. Ntchito ya wolemba ndi kumasula mtolo umenewu n'kuonetsa chimene anyamatawo aonjezerapo chawochawo, ngati chilipo. Ngati palibe, anenenso.

Kwa makolo

Inu bambo ndi mayi amene mwana wanu wabwera akuthamanga ndi nyuzipepala kapena ndi foni, kuti taonani atilemba, kondwerani naye, koma werengani kawiri. Onani ngati m'nkhanimo muli dzina lake ndi chida chimene amaimba, kapena angotchulidwa kuti anyamata ena osauka a m'mudzi wakuti. Funsani kuti dzina la gululo analipereka ndani, chifukwa dzina likamata silichoka, ndipo munthu wa zaka 40 adzakhalabe akutchedwa mnyamata wa chakuti.

Chachikulu n'chakuti kulembedwa si kulipidwa. Ngati wina wabwera ndi makina ojambulira, kaya ndi mzungu kaya ndi wa ku Lilongwe, pakhale pepala lonena kuti nyimbozo mwini wake ndani, zikagulitsidwa gawo la oyimba ndi lotani, ndipo ndalamayo idzafika bwanji kumudzi. Pepalalo limasuliridwe m'chinenero chimene mwanayo akumva, pakhalenso wamkulu wochitira umboni. Bungwe la COSOMA, limene linayamba ntchito m'chaka cha 1992 potsatira lamulo la 1989 loteteza eni luso, lilipo kuti oyimba akalembetse nyimbo zawo, ndipo lamulolo linakonzedwanso mu 2016. Kulembetsa sikulemeretsa munthu, koma kumathandiza tsiku limene nyimbo yake idzamveke pamalo amene iye sanaitumize.

Masiku ano magazini a papepala aja akutha. Melody Maker inatsekedwa mu 2000, NME inasiya kutuluka papepala sabata ndi sabata mu 2018, ndipo fRoots, imene inkalemba kwambiri za nyimbo za mu Africa, inaima mu 2019. Tsopano ndemanga imalembedwa ndi aliyense wokhala ndi foni, pa Facebook ndi pa WhatsApp. Khomo lakula, koma khalidwe silinasinthe kwenikweni. Kanema amene amafalikira msanga ndi wa chida chodabwitsa kapena wa zovala zong'ambika, ndipo pansi pake anthu amalemba kuti boma liwathandize.

Ola limodzi pa Lizulu

Kuti ndisangodzudzula anzanga, ulendo wina ndikuchokera ku Lilongwe ndinatsika pa Lizulu, ndinagula matimati, ndipo ndinakhala pa njerwa kumvera anyamata atatu amene ankayimba kuseri kwa ogulitsa kabichi. Nayi ndemanga yanga.

Anayimba nyimbo zisanu ndi imodzi. Ziwiri zinali za eni ake otchuka, ndipo anaziyimba mothamanga kuti anthu aponye ndalama. Pa zimenezi palibe choti ndinene. Zitatu zinali zawo, koma zonse zinayenda njira imodzi, kuyamba mofanana n'kuthera mofanana, mwakuti munthu atachokapo n'kubwerera sakanadziwa kuti nyimbo yasintha. Wa banjo ali ndi zala zopepuka koma amathamangira kutsogolo, ndipo wa ng'oma amamutsatira m'malo momubweza. Wa babatoni ndiye msana wa gululo. Saphonya, ndipo akatsetsereka ndi botolo pa nsambo amayi ogulitsa anyezi amayamba kugwedeza mapewa osadziwa.

Nyimbo yachisanu ndi chimodzi inali ina. Inali ya mlimi wa mbatata amene wakongola feteleza, wakolola, koma ogula a m'tauni amuuza mtengo wawo ali m'galimoto, injini osazimitsa. Anaiyamba ndi mawu okha popanda chida, wamkulu akutsogola, awiriwo akuvomera pansi ngati amuna a pa ngoma, ndipo zida zinalowa pa ndime yachiwiri. Phokoso la mbali imeneyo ya msika linatsika. Bambo wina amene anasenza thumba analitula kuti amve mathero ake.

Atamaliza ndinawauza zonsezi, zokoma ndi zowawa zomwe. Wa banjo sanakondwe, ndipo anati achimwene, inu mumatha kuimba? Ndinavomera kuti sinditha. Wa babatoni anaseka n'kumuuza kuti nkhani yothamangayi wakhala akumuuza kuyambira chaka chatha. Kenaka anandifunsa ngati sindiwajambula chithunzi, poti alendo onse amayamba ndi chithunzi cha babatoni. Ndinati ayi, koma ndikufuna ayimbenso ya mbatata ija. Anayambanso, ndipo ulendo uno wa ng'oma anamugwira mnzake. Minibasi ya ku Balaka inaliza hutala kawiri, kondakitala akukuwa kuti watsala mmodzi, ndipo ndinaisiya ipite.